Macheza a pa Khonde: Ngongole ya Zigoli 7

Abale athu okondedwa, makolo ndi ana a m'midzi ya chigwa cha Henga,

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mpira. Kapena akulu ena adzapukusa mutu, nadzati: "Kodi tsamba lija lotiuza za minda, za ukhondo ndi za kulera ana lasanduka bwalo la masewera?" Musafulumire kulipinda, pakuti nkhani imene tanyamula lero si ya ana okha. Ndi nkhani ya atsikana a dziko lino amene anatsalira m'mbuyo masewera ali pakati, pamene ambiri akadayesa kuti zatha, koma iwo anabweza ngongole yawo pang'onopang'ono kufikira atapambana. M'kati mwake muli kuwerengera kwina kumene mwini khasu aliyense, ndi mayi aliyense wosunga nkhokwe, ayenera kukudziwa.

MIPIRA IWIRI YA BERE LIMODZI

Chaka cha 1891, mu mzinda wa Springfield ku America, mphunzitsi wina dzina lake James Naismith anafuna masewera oti anyamata ake azichita m'nyumba pa nyengo ya chisanu. Tsono anapachika madengu awiri otolera zipatso, lina mbali iyi lina mbali iyo, nawauza kuti aziponya mpira m'menemo. Uwu ndiwo basiketibolo, ndiko kunena mpira wa m'dengu. Patapita zaka zowerengeka masewerawo anaoloka nyanja nafika ku England, kumene aphunzitsi a atsikana anasintha malamulo ake, nawalemba bwino m'chaka cha 1901. Dengu lija linasanduka mkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde, ndipo masewera atsopanowo anatchedwa netibolo, amene ife kuno tiwatcha ntchemberembaye. Potero mipira iwiriyi ndi mkulu ndi mng'ono wake. Ngakhale mkombero wawo ukhala pa msinkhu umodzi, mamita 3.05 kuchokera pansi.

Malamulo a ntchemberembaye ana anu awadziwa koposa ife, koma tiwakumbutse chifukwa cha agogo. Mbali iliyonse ikhala ndi osewera 7. Masewera agawika zigawo 4, chigawo chilichonse mphindi 15, ndipo pakati penipeni pali kupuma kwakukulu. Wogwira mpira saloledwa kuthamanga nawo, ndiponso sausunga kupyola masekondi 3. Mwa anthu 7 aja, awiri okha ndiwo aloledwa kuponya mu mkombero, ndipo kuponya kulikonse kolowa ndi chigoli chimodzi basi.

Lamulo lina ndi ili, ndipo muligwire bwino pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Chigoli chikalowa, mpira ubwerera pakati pa bwalo, ndipo magulu awiriwo auyambitsa mosinthana: ulendo uno awa, ulendo winawo awo, osayang'ana kuti wagoletsa ndani. Zili monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi. Munsi wina ukatsika, wina ukwera.

TSIKU LA KU GOLD COAST

Mwezi wa Epulo chaka cha 2018 maiko a Commonwealth anasonkhana ku Gold Coast, m'dziko la Australia, kukachita masewera awo a zaka zinayi zinayi. Gulu lathu la Malawi Queens linali komweko. Koma ulendowo sunayambe bwino. England inatigonjetsa ndi zigoli 74 kwa 49. Uganda nayo inatiposa ndi zigoli ziwiri zokha, 54 kwa 52. Mitima ili yolemera chotero, pa 8 Epulo, Lamulungu lotsatana ndi Pasaka, atsikana athu analowa m'bwalo kukakumana ndi New Zealand.

Kodi New Zealand ndani pa masewera awa? Gulu lawo, lotchedwa Silver Ferns, linali litatenga chikho cha dziko lonse lapansi kanayi: mu 1967, mu 1979 pamene linagawana ulemuwo ndi maiko ena awiri, mu 1987 ndi mu 2003. Pa masewera a Commonwealth linapata golide mu 2006 ndi mu 2010. Pa mndandanda wa maiko linali lachiwiri, ife tili achisanu ndi chimodzi. Ndipo kufikira tsikulo Malawi anali asanaligonjetsepo pa masewera otere.

Chigawo choyamba chinayenda monga anthu anayembekezera. New Zealand inagoletsa 18, ife 11. Mphindi 15 zokha, ngongole yakwana kale zigoli 7.

Chigawo chachiwiri magulu onse anagoletsa mofanana, 14 kwa 14. Popita kukapuma zinali 32 kwa 25. Wongoyang'ana msangamsanga akadati palibe chasintha, pakuti ngongole idakali 7 yomwe ija. Koma chinthu chachikulu chinali chitachitika: ngongoleyo inaleka kukula.

Atabwerako kopuma, bwalo linatembenuka. M'chigawo chachitatu atsikana athu anagoletsa 17, akatswiri aja nangopata 9. Ngongole yonse inafafanizika, ndipo polowa chigawo chotsiriza Malawi anali patsogolo ndi chigoli chimodzi, 42 kwa 41.

Apa ndipo panali mayeso enieni. Chigoli chimodzi chili ngati mame, dzuwa likangotuluka auma. Gulu losazolowera kutsogola kawirikawiri lichita mantha pa malo otere, manja nanjenjemera, mpira nutayika. Koma athuwo sanagwedezeke. Anagoletsa 15 pamene anzawo anagoletsa 12. Wezulo yotsiriza polira zinali 57 kwa 53, ndipo atsikana athu anavina pa bwalo lomwelo pamaso pa anthu a mitundu yonse. Mwa zigoli 57 zija, 41 anaponya Mwai Kumwenda, mwana wa ku Mzimba, boma loyandikana ndi lathu lino, amene anali atasewerapo zaka zitatu m'gulu la Tactix ku New Zealand komweko, nadziwa machitidwe awo.

KUWERENGERA KWAKE

Tsopano tiyeni tikhale pansi tiwerenge, pakuti kukondwa kokha sikuphunzitsa munthu.

Popeza mpira uyambitsidwa mosinthana, gulu lililonse likamagoletsa pa ulendo wake, kusiyana sikusuntha konse. Mungathe kugoletsa zigoli makumi atatu zokongola, koma ngati mnzanu agoletsanso pa ulendo wake uliwonse, mudzatha masewera muli m'mbuyo ndi 7 yomwe ija. Chigawo chachiwiri chija chitionetsa zomwezo. Njira yochepetsera ngongole ndi imodzi yokha: kulanda mpira pa ulendo wa mnzako, kuugoletsa, kenaka kugoletsanso pa ulendo wako. Pamene pakadakhala chimodzi kwa chimodzi, pakhala ziwiri kwa iwe, mnzako wopanda kanthu. Kulanda kumodzi kusintha kusiyana ndi zigoli 2.

Onani tsono: m'chigawo chachitatu tinawaposa ndi zigoli 8. Ndiko kunena kuti pa mphindi 15 zonsezo atsikana athu anathyola ulendo wa New Zealand pafupifupi kanayi kuposa mmene New Zealand inathyolera wathu. Kanayi kokha! Phiri lija looneka losakwereka linali masitepe anayi. Ndipo ntchito ya kulandayo si ya woponya. Ndi ya otchinga kumbuyo, monga Towera Vinkhumbo ndi Joanna Kachilika, ndi ya othamanga pakati monga Takondwa Lwazi, anthu amene maina awo sawerengedwa pa zigoli. Theka loyamba New Zealand inatigoletsa 32. Theka lachiwiri 21 zokha. Anthu akumbukira dzanja loponya, koma masewera anatembenukira ku manja otchinga.

Palinso china. Pa masewera a maiko otere palibe kuponya kumodzi kobweza zigoli 7. Gulu lotsalira likapsa mtima, liyamba kuponyerana mipira yaitali yofuna kufika msanga, ndipo mipira yotere ndiyo ilandidwa. Ngongole ya 7 isanduka 12. Obweza ngongole ndi iwo opatsirana mpira mofatsa, pafupipafupi, osataya ulendo wawo ndi umodzi womwe, akudikira kuti mnzawo aphonye. Akale anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

UMBONI WA KWA MKULU WAKE

Kapena mudzati izi zichitika pa ntchemberembaye pokha. Tiyeni tikafunse kwa mkulu wake, basiketibolo, kumene osewera akhala 5 mbali iliyonse, zigawo za maiko zikhala za mphindi 10, ndipo kuponya kumodzi kubala pointi 1, kapena 2, kapena 3 ngati munthu waponyera kutali.

Dziko la South Sudan linalandira ufulu wake mu 2011, ndipo ambiri a anyamata ake osewera mpirawu anakulira ku maiko a eni, makolo awo atathawa nkhondo. Luol Deng, amene anasewera zaka zambiri ku America, ndiye anawasonkhanitsa, ndipo mu 2023 anapata malo a ku masewera a Olympics. Pa 20 Julaye 2024, pokonzekera masewerawo, anakumana ndi America mu mzinda wa London. Pa kupuma kwa pakati dziko lonse linazizwa: South Sudan 58, America 44. Koma theka lachiwiri America inabweza ngongole yonse. Kutatsala masekondi ngati 20 South Sudan inatsogolanso ndi pointi imodzi; pomwepo LeBron James analowa pansi pa dengu nagoletsa kutatsala masekondi 8, masewera natha 101 kwa 100.

Patapita masiku 8, pa 28 Julaye, anyamata omwewo anasewera ndi Puerto Rico pafupi ndi mzinda wa Lille ku France, masewera awo oyamba a Olympics. Ulendo uno ndiwo anali m'mbuyo popuma, 48 kwa 54. Koma pa mapeto anapambana 90 kwa 79.

Taonani chodabwitsa. Ku London, theka lachiwiri, South Sudan inagoletsa mapointi 42. Ku France, theka lachiwiri, inagoletsanso 42. Dzanja loponya linali lomwelo masiku onse awiri. Chinasiyana n'chiyani? Ku London analola adani awo kugoletsa 57 m'theka limenelo. Ku France analola 25 okha. Tsiku lina analira, tsiku lina anaseka, ndipo kusiyana konse kunali pa kutchinga. Mboni ziwiri zagwirizana.

ZA KWATHU KUNO

Tsono, abale, tibwere nazo kumudzi. Chaka cha mlimi nacho chili ndi theka lachiwiri. Mvula ikachedwa, kapena mbewu zikamera mwa apo ndi apo, kapena matenda akagwira mwini munda pa nthawi yobzala, pofika Januwale munda uoneka wogonja: udzu waposa chimanga, ndipo wa mnzako uli bii kubiriwira. Pamenepo mtima unena kuti chaka chino chapita. Ambiri a ife tataya minda yotere ndi mtima, mvula isanaitaye. Koma funso loyamba si lakuti, "Ndidzampeza bwanji mnzanga?" Funso loyamba ndi ili: "Nditani kuti kutayika kuleke lero?" Udzu ukudya chakudya cha mbewu tsiku ndi tsiku, ntchemberezandonda zikulowa m'mitima ya chimanga usiku ndi usiku. Ngati simungathe kupalira munda wonse, sankhani chigawo chimene mbewu zaima bwino, muchipalire nonse pamodzi, muchibandire, muyendere phesi ndi phesi m'mamawa. Pamene palephera chimanga, nthawi ya mbatata ikadalipo. Ndipo amene ali ndi dimba m'mbali mwa Rukuru ali ndi chigawo china chathunthu chowadikira mvula ikatha.

Chimodzimodzi ngongole ya ndalama. Pali mabanja m'chigwa muno amene fodya wawo akagulitsidwa ku Mzuzu, ndalama zithera kwa okongoza zisanafike pakhomo. Munthu wotere ayesedwa kuponya mpira wautali: kukatenga katapira kuti atseke ngongole yoyamba, kapena kuika kotsalako pa juga kuti abweze zonse usiku umodzi. Mipira yotere ndiyo ilandidwa. Yambani mwachita 14 kwa 14: mwezi uno zotuluka zisapose zolowa. Ngongole isakule. Mukatero mwezi umodzi, miyezi iwiri, mudzaona pamene mungathyole ulendo wa umphawi kamodzi: mowa wa Loweruka usiyidwe, nkhuku ziwiri zisungidwe kuti ziswe, ganyu wa mlungu umodzi apite yense kwa mwini ngongole. Zioneka zazing'ono, koma kumbukirani kuti phiri la ku Gold Coast linali masitepe anayi. Ndipo mwamuna ndi mkazi awerengere pamodzi, osabisirana, pakuti woponya sapambana wotchinga akagona.

Koposa zonse tinena za ana a sukulu. Mwana abwera ndi pepala la teremu yoyamba lofiira, ali kumchira kwa anzake. Bambo akwiya, nati: "Uyu alibe mutu, ndalama zanga zingotayika; akhale pakhomo." Ndipo kawirikawiri mawu amenewa agwera mwana wamkazi, amene posachedwa afuniridwa banja asanakhwime. Makolo, teremu yoyamba ndi chigawo choyamba chabe. Musaimbe wezulo yotsiriza masewera ali pakati. Pitani kwa aphunzitsi mukafunse kumene mpira ukutayikira. Mwina mwanayo afika mochedwa masiku onse chifukwa ayamba watunga madzi ndi kusesa; mwina ajomba masiku a msika; mwina maso ake saona bwino pa bolodi; mwina alibe nyale madzulo. Tsekani dzenje limenelo poyamba, ndipo mudzaona ngati mutu ulibe kapena ulipo. Mwai Kumwenda yemwe uja anayamba kusewera pa fumbi, wopanda nsapato, ndi mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki, monga achitira ana athu ku Mhuju ndi ku Phwezi. Mu 2015, ku Sydney, anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa chikho cha dziko lapansi. Akadamuletsa ali wamng'ono, ndani akadadziwa chimene chinali m'manja mwake?

Ndipo inu amene muli patsogolo, phunzirani kwa New Zealand ndi kwa anyamata a ku London aja. Nkhokwe yodzala mu Meyi ndi 32 kwa 25 chabe. Masewera atha mu Febuluwale. Wogulitsa chimanga chake motchipa pokolola adzachigulanso pa mtengo wowawa nthawi ya njala, ndipo wosateteza nkhokwe yake agawana ndi anankafumbwe.

CHOONA CHINA CHOSAKOMA

Sitingatseke nkhaniyi osanena mbali yake yowawa, kuti tingakunyengeni. Atagonjetsa New Zealand, atsikana athu anagonjetsanso Scotland ndi chigoli chimodzi, 51 kwa 50, nagonjetsa ndi Wales yomwe. Potero Malawi, Uganda ndi New Zealand anafanana, aliyense atapambana katatu. Pofuna kulekanitsa, akulu a masewera anawerenga zigoli zonse za masiku onse, zogoletsa ndi zogoletsedwa. Ndipo New Zealand, imene tinaigonjetsa, ndiyo inapitirira, ife titsala, nititha pa nambala 7. Zigoli 25 zija za England, ndi ziwiri zija za Uganda, zinatitsata kufikira tsiku lomaliza. Theka lachiwiri lingathe kuombola tsiku, koma silifafaniza zonse zotayika kale. Chifukwa chake wanzeru sanena kuti, "Ndidzalimbikira pambuyo pake." Kubwerera kuchokera m'mbuyo ndi mankhwala a wodwala, si chakudya cha masiku onse.

Komabe ngakhale ogonja a tsiku lija ali ndi chotiphunzitsa. New Zealand inabwerera kwawo chimanjamanja, yopanda mendulo kwa nthawi yoyamba pa masewera a Commonwealth. Sanabise manyazi awo. Anafufuza chimene chinalakwika, naika mphunzitsi watsopano, Noeline Taurua, ndipo mu Julaye 2019, ku Liverpool, anatenga chikho cha dziko lonse pogonjetsa Australia 52 kwa 51. Mwai naye, m'chaka chomwecho cha 2018, anavulala bondo koopsa akusewerera gulu la Melbourne Vixens, nakhala miyezi yambiri osalowa m'bwalo. Koma mu 2020 gulu lakelo linatenga chikho cha Australia, iye nasankhidwa wosewera wopambana pa masewera otsiriza.

Tsono madzulo ano, mukatha kudya, musafulumire kukagona. Bambo, mayi ndi ana okulirapo akhale pamodzi, monga osewera pa kupuma kwa pakati, ndipo afunsane mafunso atatu. Tili m'mbuyo ndi zingati? Mpira wathu ukutayikira pati? Tidzatseka dzenje liti mlungu uno? Musatchule mabowo khumi; tchulani limodzi, mulitseke. Ndipo Loweruka atsikana a pa sukulu yanu akamasewera, pitani mukawaone, mukawerenge nokha kuti ndi kangati gulu lilanda mpira pa ulendo wa linzake. Mudzadziwa wopambana wezulo isanalire.

Tsalani bwino nonse, tidzachezanso mwezi wamawa.

Ife anu,
Aphunzitsi a pa Khonde